Mwana wanga akakhale pahositelo kapena azichokera pakhomo?

"Zikomo amayi. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagulitsa kaunjika. Mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 18, wasankhidwa kupita ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ku Bunda. Chimwemwe chilipo koma pakhomo pabuka mkangano. Bambo ake akuti za hositelo ayi, kumeneko ana amakalowerera, ena amabwerako ndi mimba m'malo mwa digiri. Akufuna azichokera pakhomo pano poti ndi mu Lilongwe momwemuno, apo ayi akakhale kwa azakhali ake cha ku Mitundu. Mwiniwakeyo akufuna hositelo, moti masiku ano ngakhale nsima sakuidya bwino. Ine ndili pakati. Ndithandizeni maganizo." – Mayi wothedwa nzeru, Area 25

Mayi anzanga, choyamba landirani moni ndi nthungululu. Kaunjika wophunzitsa mwana mpaka kufika ku Bunda si wamasewera, mwagwira ntchito. Mkangano uli pakhomo panuwo usakudetseni nkhawa kwambiri, ndi wa anthu awiri okonda mwana mmodzi. Ndakhala zaka zambiri ndikuyang'anira mahositelo a atsikana komanso kulangiza ophunzira pa koleji ina, ndipo chaka chilichonse nkhani imeneyi imandipeza, kusiyana ndi dzina la mwana basi. Abambowo musawaone ngati ovuta. Zimene akuopazo zimachitikadi, ndaziona ndi maso angawa. Kungoti mankhwala amene asankhawo si a matenda amenewo.

Ndinene maganizo anga poyera kuti musachite kuwafufuza: mwanayo akapatsidwa malo pahositelo ya pasukulu, atenge, makamaka chaka choyamba chino. Zifukwa ndifotokoza, ndipo zoipa za kumeneko sindibisa chifukwa zilipo zambiri.

Tiyambe ndi mawu akuti "ndi mu Lilongwe momwemuno." Mawu amenewa amanamiza. Bunda ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, msewu wa ku Mitundu. Mwana wochokera ku Area 25 ayambe wakwera minibasi yopita m'tauni, adutse mzere wa magalimoto wam'mawa uja, atsike kudepoti, akwere ina, n'kudikira kuti idzaze. Kondakitala sadziwa zoti mwana ali ndi kalasi, iye amadziwa zoti mpando wakumbuyo mukadali malo a anthu awiri. Madzulo chimodzimodzi, chobwerera. Tengani pepala muwerengetsere: minibasi zinayi patsiku, masiku asanu pasabata, kwa semesita yonse, kuphatikizapo chakudya chamasana chogula. Ndikukhulupirira mupeza kuti ndalamayo yaposa ya chipinda. Ndipo musaiwale masiku amene mafuta asowa m'dziko muno mitengo ya minibasi n'kukwera tsiku lomwelo.

Koma ndalama ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi nthawi. Maphunziro a ku Bunda si ongokhala m'kalasi ayi. Kuli za kumunda, za kukhola, za mulabu, ndipo zina zimayamba m'mamawa kapena kutha dzuwa litapendeka. Ntchito zambiri amapatsidwa m'magulu, ndipo magulu a ana asukulu amakumana usiku akatha kudya. Wochokera kutali amangomva mawa lake kuti anzake anagawana kale ntchito. Akafika pakhomo cha m'ma 8 koloko usiku, wotopa, apeza mbale zikumudikira, poti ndi wachisamba. Simudzachita dala, ndi mmene pakhomo pamakhalira. Ndiye funsani abambowo funso ili mwaulemu: mtsikana amene akuyenda yekha kudepoti mdima utagwa tsiku ndi tsiku, ndi amene wagona m'chipinda cha pasukulu pomwe pali alonda, wotetezeka ndi uti?

Za kwa azakhali ndiyankhule mosamala chifukwa ndi abale anu ndipo sindikuwadziwa. Alipo azakhali amene amasunga mwana wa mlongo wawo ngati dzira. Koma ndikumbukira mtsikana wina amene ankangosinza m'kalasi mpaka aphunzitsi anamutumiza kwa ine poganiza kuti ndi woyembekezera. Sanali. Ankakhala kwa achibale pafupi ndi sukulu, ndipo ankadzuka 4 koloko kutunga madzi, kusambitsa ana atatu, kuphika phala, kenako n'kuthamangira kalasi. Usiku nyali ankazimitsa msanga kuti mayunitsi asathe. Sakanatha kudandaula, poti ankadya zaulere. Manja ake anali okhakhala ngati a mayi wa ana asanu. Titamupezera malo pahositelo, magiredi ake anasintha semesita yomweyo. Ngati mungasankhe za kwa azakhali, kambiranani poyera musanapereke mwana: azigwira ntchito ziti, aziwerengera pati, inu muzithandiza chiyani pa ufa ndi magetsi. Zongoganizirana n'zimene zimadanitsa pachibale.

Ubwino waukulu wa hositelo ndi woti chilichonse chili pafupi. Laibulale ndi yoyenda wapansi, intaneti ya sukulu ili pomwepo, kachipatala ka pasukulu kali pomwepo. Kalasi ikasinthidwa nthawi mwadzidzidzi amva msanga. Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti ku yunivesite maphunziro ambiri amayenda pakati pa ana okhaokha. Mapepala a mayeso akale amachokera kwa makonti, amene anayamba kale aja. Amene wamva bwino Chemistry amafotokozera anzake pabedi usiku, mawa lake wina n'kumubwezera ndi Masamu. Chaka choyamba n'chimene chimagwetsa ana ambiri, ngakhale amene anakhoza bwino MSCE, chifukwa kulibe mphunzitsi wowalondola ngati kusekondale. Ukalephera umalemba sapu, mayeso obwereza aja, ukalepheranso kwambiri amakuchotsa, ana eni ake amati kuwididwa. Mwana amene ali pakati pa anzake amazindikira msanga kuti zinthu zikumuthawa, ndipo amapeza womugwira dzanja.

Palinso china chimene sichilembedwa pa satifiketi. M'chipinda chimodzi mumakumana wa ku Chitipa, wa ku Nsanje ndi wa ku Mangochi. Amaphunzira kupirirana, kugawa ndalama kuti ifike kumapeto kwa mwezi, kukana mnzake popanda kudana naye. Anzake a pahositelo amenewa ndi amene mawa adzamuimbire foni kuti kwakuti kwatuluka ntchito.

Tsopano mbali inayo, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Vuto loyamba ndi loti malo enieniwo ndi osowa. Bunda inayamba m'zaka za m'ma 1960 ngati koleji ya ophunzira ochepa pansi pa University of Malawi. Chiimireni payokha ngati LUANAR mu 2012, chiwerengero cha ophunzira chakwera kwambiri, ndipo monga zilili m'mayunivesite onse a boma, mabedi sanachuluke mofanana ndi anthu. Choncho mutha kukangana mwezi wathunthu pakhomopo pa chipinda chimene mwana sanapatsidwe n'komwe. Werengani bwino kalata yomuitana, muone mmene amafunsira malo ndi tsiku lotsekera, ndipo afunsire msanga. Ndalama ya chipinda muzilipira ku akaunti ya sukulu yokha n'kusunga lisiti. Nyengo yotsegulira sukulu kumabuka akamberembere oimba foni kuti "tumizani pa Mpamba ndikusungireni chipinda." Amenewo ndi akuba.

Kusowa kwa maloku n'kumene kumabala zosikwata. Chipinda cha anthu awiri mumapezeka anayi kapena asanu, ena ogona pansi, ena ogona awiri pakabedi kamodzi. Mwana wanu adzapemphedwa ndi mnzake wosowa pogona, ndipo kukana kudzamuvuta chifukwa tinawalera kuti mlendo sabwezedwa. Mumuuziretu kuti malamulo a sukulu zambiri amaletsa zimenezi ndipo wogwidwa akhoza kulandidwa chipinda. Anthu akachuluka chotere zimbudzi ndi mabafa sizipuma, madzi akasiya tsiku limodzi lokha fungo limafika pakhonde. Nsikidzi, mphere, chifuwa ndi matenda otsegula m'mimba zimayenda msanga. Mukukumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Choncho pomulongedzera musaiwale ndowa yokhala ndi chivundikiro, mankhwala othira m'madzi akumwa, sopo, masilipasi olowera kubafa ndi neti ya udzudzu. Matiresi akafika ayambe wawayanika padzuwa ndi kuyang'ana m'misoko.

Kuba kuliko. Foni yosiyidwa patchaja, laputopu, nsapato, ngakhale zovala zam'kati pachingwe. Loko wabwino ndi sutikesi yokhoma zimathandiza, koma chachikulu ndi khalidwe lokhoma chitseko ngakhale akungopita kubafa. Phokoso nalo ndi la tsiku ndi tsiku: uyu akuimba nyimbo, uyu akupemphera mokweza pakati pausiku, uyo akukangana ndi chibwenzi pafoni. Ndipo pali mchitidwe wina umene ana amautcha exile, pomwe mnzako wa m'chipinda wabweretsa chibwenzi ndiye iwe ukasake kogona. Mwana wofatsa amangovomera, n'kumagona m'kalasi kapena kwa anzake. Adziwe kuti chipindacho walipira mofanana ndi mnzakeyo, ndipo ali ndi ufulu wokanena kwa woyang'anira hositelo kapena kupempha kusintha chipinda.

Koma pa zonsezi, chimene ndikufuna tikhalepo kwambiri ndi chakudya, chifukwa mantha a abambo aja agona pamenepa ngakhale iwo sakudziwa. Masiku amene boma linkadyetsa ophunzira kukafeteriya katatu patsiku anapita. Lero mwana amadzidyetsa yekha, kaya pogula kumalo odyera a pasukulu ndi m'malesitilanti oyandikira, kaya pophika. Ngongole ya ku Loans Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, imathandiza pa fizi ndi pa ndalama yodyera, koma si onse amene amapatsidwa, ndipo nthawi zina imafika sukulu itayamba kale. Zinthu nazo zakwera, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Inu a bizinesi mukudziwa bwino kuposa ine mmene belo lakwerera.

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi, atsikana ambiri amene ndinawaona akulowa m'mavuto sanayambe ndi chilakolako choipa ayi. Anayamba ndi njala. Sabata yachitatu ya mwezi, ufa watha, foni ilibe bandulo, mnzake wa m'chipinda akudya tchipisi ndi nkhuku tsiku lililonse ndipo wasintha tsitsi kawiri. Kenako mnzakeyo akuti, "Lachisanu tiye m'tauni, kuli ankolo ena ake ofatsa, amangofuna ocheza nawo." Galimoto zimene zimaima pafupi ndi mahositelo Lachisanu madzulo si za makolo. Anyamata nawo njala yomweyo imawatengera ku katapila ndi kubetcha mpira pafoni mpaka kudya ndalama ya fizi. Ndiye onani, njala imeneyi sisankha kuti mwana akugona kuti. Wochokera ku Area 25 amene watsala ndi ndalama ya minibasi imodzi yokha, galimoto ikamuimira pasiteji, ali pa mayesero omwewo, mwinanso oposa.

Mankhwala ake ndi awa. Musamupatse ndalama yonse ya semesita pakamodzi, mwana wa zaka 18 sanagwirepo ndalama yotero ndipo idzatha mwezi woyamba. Muzimutumizira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, tsiku lodziwika, kaya Lolemba lililonse, ngakhale ikhale yochepa. Mwana wodziwa kuti Lolemba kubwera kanthu amapirira Loweruka. Mwayi wanu ndi woti Bunda ndi kufupi: mutha kumutumizira ufa, nyemba, usipa wouma, soya, chiponde ndi mafuta ophikira pa minibasi. Koma afunse kaye malamulo a zophika, chifukwa mahositelo ambiri amaletsa hotipuleti m'zipinda poopa moto, ndipo ena ali ndi malo ake ophikira. Pomaliza mumuuze mawu awa ndi pakamwa panu: "Ukasowa, uyambe wandiuza ine, sindikukalipira." Ana ambiri amabisa njala pomvera chisoni makolo, amati amayi avutika kale ndi fizi. Chisoni chimenecho n'chimene chimawaponya m'manja mwa ankolo aja.

Nkhani ya mimba ndi matenda musaisiyire mphepo. Ngati kukamba naye nokha kukukuvutani malinga ndi mwambo wathu, apa ndiye pofunika azakhali aja, ntchito yawo ndi imeneyi. Koma akambe zenizeni, osati kungoopseza kuti "usakachite zopusa." Adziwe kuti mayaro, a chaka choyamba, amasakidwa ndi anyamata akale masabata oyambirira enieniwo pomwe sanadziwe kumanja ndi kumanzere. Adziwe kuti chakumwa cholandira m'manja mwa munthu paphwando sichimwedwa. Adziwe kumene kumapezeka makondomu ndi njira zolera, ngakhale inu mukupemphera kuti asazifune. Ndipo adziwe kuti zitachitika zoti wagwiriridwa kapena wagona ndi munthu mosadziteteza, athamangire kuchipatala pasanathe maola 72 kuti akalandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, pamodzi ndi mapiritsi oletsa mimba apangozi. Manyazi a tsiku limodzi asamutayitse maola amenewo. Mphunzitsi kapena wogwira ntchito aliyense akamufuna chibwenzi posinthana ndi magiredi kapena chipinda, umenewo ndi mlandu pansi pa lamulo la Gender Equality Act la 2013. Asunge mauthenga a pafoni ngati umboni ndipo akanene ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pasukulupo.

Nanga malo akapanda kupezeka? Ophunzira ambiri amachita lendi m'nyumba ndi m'mahositelo a anthu ozungulira sukulu. Zilipo zabwino, zina zimaposa za pasukulu pa ukhondo ndi bata, koma zilipo zina zoti ngakhale mbuzi simungaikemo. Pitani nokha mukaone, musadalire zithunzi za pa WhatsApp. Gwedezani chitseko muone ngati chili cholimba, yang'anani mawindo, werengani zimbudzi muyerekeze ndi anthu okhalapo. Funsani kumene amatunga madzi, ndiponso ngati chitsime chili pafupi ndi chimbudzi. Funsani za magetsi, ngati mayunitsi ali m'kati mwa lendi kapena amasonkherana, chifukwa ndewu zambiri zimayambira pamenepa. Funsani ngati miyezi ya holide imalipiridwa. Zonse mugwirizane polemba, alandilodi asaine. Kenako yendani wapansi kuchokera pamenepo kukafika kulaibulale, mukuganizira kuti ndi usiku, mwezi wa Febuluwale, chimanga chatalika mbali zonse za njira. Mukaona kuti inuyo simungayende njira imeneyo nokha, mwana wanunso asayende. Ndi bwino apeze anzake awiri atatu okhala nawo kuti azibwerera limodzi. Chinanso chimene ndimachibwereza chaka chilichonse mu Juni ndi Julayi kukazizira: mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, munthu amangogona osadzukanso.

Akapita, kaya pahositelo kaya kwa alandilodi, musamuimbire kasanu patsiku, adzayamba kukunamizani. Kawiri kapena katatu pasabata n'kokwanira, koma muzimvetsera bwino. Mudziwe dzina ndi nambala ya mnzake wa m'chipinda. Kulira ndi kusowa kwawo masabata oyambirira n'kwachibadwa, kumatha. Chimene chiyenera kukudzidzimutsani ndi mwana amene wasiya kuyankha foni masiku angapo, amene wawonda kwambiri, amene sakugona kapena akungogona osapita m'kalasi, kapena amene wayamba kuyankhula zoti moyo ulibe phindu. Mawu otsirizawa musawatenge ngati nthabwala kapena kufuna kunyengereredwa, pitani tsiku lomwelo. Pasukulu pali alangizi ndi abusa, ndipo mu Lilongwe muno thandizo la matenda a maganizo limapezeka ku St John of God komanso ku Bwaila. Chizindikiro china ndi chosiyana ndi zimenezi: mwana amene wasiya kupempha ndalama koma akubwera ndi foni yodula imene simunagule. Pamenepo musayambe ndi mbama kapena kumuchotsa sukulu, khalani naye pansi. Pa nkhani za nkhanza ndi kugwiriridwa, kuwonjezera pa chipatala, kupolisi kuli Victim Support Unit.

Abambowo musalimbane nawo ndi mawu, poti bambo akanena kuti ayi pamaso pa ana, kubweza kumawavuta. Apempheni kuti tsiku lina lapakati pa sabata mudzuke nonse atatu, mukwere minibasi kuchokera ku Area 25 ngati mmene mwanayo angamachitire, cholinga mukafike ku Bunda isanakwane 8 koloko. Akaone okha hositelo, akalankhule ndi woyang'anira, akafunse za alonda ndi malamulo a alendo. Mugwirizane kuti ayesere semesita imodzi, azibwera kunyumba kamodzi pamwezi, ndipo zotsatira za mayeso azionetsa kwa bambo ake. Pobwerera mudutsire kwa azakhali mukawauze kuti mwana wawo ali pafupi, Lamulungu lina azikadya nawo nkhomaliro. Ndalama ya minibasi ya ulendo umenewo muwasiye abambowo alipire okha, kupita ndi kubwera.